Bwalo la Mafunso: Asilamu, Amonke ndi Nkhosa M'zigawo za Spain Wakale

Funso: Aphunzitsi, ndinaonera pa wailesi yakanema nyumba ina ya ku Córdoba m'dziko la Spain. Ukaiona mkati ndi mzikiti weniweni, koma pakati pake pali guwa ndipo ansembe akuchita Misa. Mnzanga akuti dziko lonselo linali la Asilamu, linali lolemera, ndipo linasauka Akhristu atawapirikitsa. Ine ndamutsutsa koma ndilibe poyimira. Tiweruzeni. *Wowerenga wa ku Mangochi*

Yankho: Bambo, mnzanuyo sakunama, koma mawu akuti "dziko lonse" ndi amene akumupunthwitsa. Nthawi imeneyo kunalibe Spain mmodzi. Kunali maufumu achikhristu a Castile, Aragon ndi Navarre, ndi ufumu wachisilamu wa Granada, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi mvula yake, mbewu zake ndi eni nthaka ake. Nyumba munaionayo inayambidwa ngati mzikiti ndi mfumu yachisilamu Abd al-Rahman I cha m'ma 785. Mfumu Fernando III italanda Córdoba mu 1236 inasandutsidwa tchalitchi, ndipo gawo la pakati lomwe munaona guwalo linayamba kumangidwa mu 1523.

Asilamu anawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Africa mu 711 ndipo m'zaka zochepa anagwira gawo lalikulu la dzikolo. Koma kugonjetsa ndi kwina, kukhazikika ndi kwinanso. Anazika mizu kumene kunali dzuwa ndi mitsinje yopatutsa: chigwa cha Guadalquivir, chigwa cha Ebro, ndi gombe la kum'mawa ku Valencia ndi Murcia. Ulimi wothirira anaupeza ulipo kale kuyambira nthawi ya Aroma, koma anaukuza kwambiri, n'kufalitsa mpunga, nzimbe, thonje, mabiringano ndi ulusi wa silika. Golide ankabwera kuchokera kumadzulo kwa Africa podutsa chipululu cha Sahara. Kumapiri ozizira a Asturias ndi Galicia sanakhalitse, ndipo n'kumeneko kunayambira maufumu achikhristu, a anthu a ng'ombe ndi timinda ting'onoting'ono. Ufumu wachisilamu wa Córdoba utagawikana mu 1031, timafumu tachisilamu tinkagula mtendere polipira golide chaka ndi chaka kwa mafumu achikhristu, ndipo ena mwa golideyo Mfumu Alfonso VI ya León ndi Castile inkamutumiza kwa amonke a ku Cluny m'dziko la France. Pamenepa ndiye mnzanu walasa: kumwera kunalidi kolemera kuposa kumpoto.

Chimene ine ndimaona kuti n'chofunika kwambiri ndi liwiro lomwe dera lililonse linalandidwira. Kumpoto kwa mtsinje wa Duero malire ankasuntha pang'onopang'ono, alimi wamba ndi amonke n'kumatsatira pambuyo, moti kunadzaza midzi yoyandikana, uliwonse ndi katchalitchi kake. Koma Toledo atagwa mu 1085, makamaka pambuyo pa nkhondo ya Las Navas de Tolosa mu 1212, nthaka inabwera yambiri nthawi imodzi: Córdoba 1236, Valencia 1238, Sevilla 1248. Mafumu a Castile analibe anthu okwanira kudzaza malo onsewo. Anangogawa zigawo zikuluzikulu kwa nduna, kwa mabishopu, ndi kwa magulu a asilikali olumbira ngati amonke, a Calatrava, Santiago ndi Alcántara, omwe anatenga mbali yaikulu ya La Mancha ndi Extremadura. Asilamu otsala ku Andalusia, chigawo cha kumwera, atagalukira mu 1264, ambiri anathamangitsidwa n'kupita ku Granada kapena ku Africa. Minda yopanda alimi inasanduka msipu.

Apa m'pamene nkhosa zikulowera. Mu 1273 Mfumu Alfonso X ya Castile inapereka chilolezo kwa bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta. Chilimwe nkhosa zinkadya kumapiri a León, Soria ndi Segovia. Kukayamba kuzizira, abusa ankazitsogolera kumwera ulendo wa masabata angapo, zikwi kuphatikiza zikwi, abulu atasenza mchere ndi miphika, agalu akuluakulu ali m'mbali kuopa mimbulu. Podutsa pakati pa minda njira zake zinali zotetezedwa ndi lamulo, zotambalala mamita pafupifupi 75, ndipo mlimi wolima m'njiramo ankalipitsidwa ndi oweruza a bungwelo. Cha m'ma 1520 nkhosa zoyenda chonchi zinali pafupifupi 3 miliyoni. Amonke a ku Guadalupe ndi a ku El Paular anali m'gulu la eni nkhosa zambiri, ndipo magulu a asilikali aja ankalandira ndalama pobwereketsa msipu. Ubweya unkasonkhanitsidwa ndi amalonda a ku Burgos, n'kukwera zombo ku Bilbao ndi Santander kupita ku Flanders, dera lomwe mbali yake yaikulu lero ili m'dziko la Belgium. Chuma chimenechi chinali cha Akhristu, ndipo sichinkadalira Msilamu.

Ku Valencia zinayenda mosiyana. Mfumu Jaime I ya Aragon inalanda madera ambiri mopangana: gonjani, mukhalabe pa nthaka yanu ndi mizikiti yanu, muzikhoma msonkho. Inalamulanso kuti ngalande za mtsinje wa Turia zizigwiritsidwa ntchito monga momwe zinkachitikira nthawi ya Asilamu. Mpaka lero Lachinayi lililonse nthawi ya 12 koloko masana, alimi osankhidwa kuchokera ku ngalande zisanu ndi zitatu amakhala pa mipando pakhomo la tchalitchi chachikulu cha Valencia atavala malaya akuda. Mlonda amaitana ngalande imodziimodzi kufunsa ngati pali woimbidwa mlandu. Wotsegula madzi tsiku losakhala lake, wosalambula ngalande, wosefukiritsa m'munda mwa mnzake, amaweruzidwa pomwepo ndi pakamwa, popanda loya, popanda apilo. Minda yozungulira mzindawo inapita kwa Akhristu, koma kumapiri ouma a mkati ndi m'minda ya nzimbe ya ku Gandia, Asilamu anatsala akulimira nduna zachikhristu. Ankapereka gawo lalikulu la zokolola kuposa mlimi wachikhristu, kuwonjezera apo masiku ogwira ntchito yaulere kwa mwini nthaka, zofanana ndi thangata lomwe agogo athu analiona m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Chiradzulu. Anthu anali ndi mwambi wakuti wokhala ndi Msilamu ali ndi golide. N'chifukwa chake nduna zinkawatchinjiriza, pomwe amisiri osauka a m'tauni ankadana nawo.

Asilamu otsalawo anakakamizidwa kubatizidwa: ku Castile mu 1502, ku Valencia ndi Aragon pofika 1526. Kuyambira pamenepo ankatchedwa Moriscos. A ku Granada atagalukira pakati pa 1568 ndi 1571, anthu pafupifupi 80,000 anachotsedwa n'kumwazidwa m'dziko la Castile, ndipo ulimi wa silika wa m'mapiri a Alpujarras unalowa pansi. Kenako mu September 1609 lamulo la Mfumu Felipe III linalengezedwa ku Valencia, mothandizidwa ndi bishopu wamkulu Juan de Ribera. Pofika 1614 anthu pafupifupi 300,000 anali atatulutsidwa m'dziko. Valencia inataya munthu mmodzi mwa atatu aliwonse, Aragon pafupifupi mmodzi mwa asanu. Midzi ina inatsala mabwinja. Nduna zinapatsidwa nthaka ya othamangitsidwawo koma zinalephera kubweza ngongole, ndipo omwe anakongoza ndalama, kuphatikizapo matchalitchi ndi nyumba za masisitere zomwe zinkadalira chiwongoladzanja, analira nawo.

Ndiye chigamulo changa ndi ichi. Ku Valencia, ku Aragon ndi ku Granada mnzanu akunena zoona. Ku Burgos, Bilbao ndi Galicia ayi, chifukwa kumeneko a Moriscos anali ochepa kwambiri, ndipo mavuto awo anachokera kwina. Koma ine nkhani ya nzimbe ndi ngongole sindiyo imandiwawa kwambiri. Anthu amenewa anabadwira komweko, makolo awo anaikidwa komweko, ndipo anali obatizidwa ndi mpingo womwewo umene unavomereza kuti akwezedwe m'zombo ku Dénia ndi Alicante. Ayuda anali ataona zomwezi mu 1492, ndipo khoti la zachipembedzo lotchedwa Inquisition lomwe linayamba ntchito ku Sevilla cha m'ma 1480 linkasaka ana awo obatizidwa. Munthu wopemphera, kaya ndi Msilamu kaya ndi Mkhristu, asamawerenge zimenezi ngati nkhani ya phindu ndi kuluza chabe.

Funso: Bambo mfumu a parishi yathu anatifotokozera za ulendo wapansi wopita ku manda a Yakobo Woyera ku Spain. Kodi anthu akale osauka ankafika bwanji? Ankagona kuti, nanga ankadya chiyani? *Mayi wa ku Dedza*

Yankho: Mayi, ankadya za m'njira, ndipo njirayo inamangidwa mwadala kuti iwadyetse. Manda omwe amakhulupiriridwa kuti ndi a mtumwi Yakobo anapezeka ku Galicia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800, nthawi ya Mfumu Alfonso II. Tchalitchi chachikulu cha Santiago de Compostela chinayambidwa mu 1075. Wochokera ku France ankatsika mapiri pa Roncesvalles, n'kudutsa Pamplona, Logroño, Burgos ndi León, mtunda woposa makilomita 700. M'njira monse munali nyumba za alendo za amonke ndi za mafumu, kumene munthu ankapeza pogona, buledi ndi vinyo, wodwala n'kusamalidwa, womwalira n'kuikidwa. Munthu wina dzina lake Domingo, yemwe anamwalira mu 1109, anathera moyo wake akulambula msewu ndi kumanga mlatho pa mtsinje wa Oja, ndipo tauni ya Santo Domingo de la Calzada imatchedwa dzina lake.

Mafumu anaona kuti pamene padutsa mapazi ambiri pamagwa ndalama. Anaitana amalonda ndi amisiri akunja kuti akhazikike ku Jaca, Estella ndi Sahagún, n'kuwapatsa ufulu wapadera. Kumpoto kosauka kuja kunayamba kukhala ndi misika, osoka nsapato ndi osintha ndalama. Zokangana sizinasowe. Ku Sahagún malamulo a mu 1085 ankati buledi aziphikidwa mu uvuni wa amonke, ndipo amonke akafuna kugulitsa vinyo wawo, wina asagulitse wake. Patangopita zaka makumi awiri ndi zingapo anthu a m'taunimo anaukira mkulu wa amonkewo.

Chinthu chimodzi chimandivuta, ndipo ndikuuzani monga Mkhristu mnzanu. Kunali msonkho wotchedwa Voto de Santiago: m'madera ambiri a ufumu wa Castile mlimi wolima ndi ng'ombe ankapereka muyezo wa tirigu ku tchalitchi cha Santiago, pamwamba pa chakhumi chake. Chikalata chomwe ankatsamira, chonena za nkhondo ya Clavijo yomwe amati Yakobo Woyera anathandiza Akhristu kupambana, akatswiri a mbiri amagwirizana kuti chinapekedwa m'zaka za m'ma 1100. Granada atalandidwa ndi Akhristu msonkhowu unafika mpaka kumeneko, moti mlimi wa kumwera kwenikweni ankadyetsa ansembe a ku Galicia omwe sanawaonepo. Midzi inasuma m'makhoti kwa zaka zambirimbiri. Nyumba ya malamulo ya ku Cádiz inauthetsa mu 1812, unabwereranso, n'kutheratu mu 1834.

Funso: Aphunzitsi, ndikulemba mayeso a mbiri. Ngati siliva yense wa ku America ankafikira ku Spain, n'chifukwa chiyani dzikolo linasauka? *Wophunzira wa ku Zomba*

Yankho: Mwana wanga, poyankha funsani kaye kuti ankafikira pati. Kuyambira 1503 malonda onse ndi America ankadutsa pa ofesi imodzi ku Sevilla, Casa de Contratación. Mgodi wa siliva wa Potosí, ku Bolivia ya lero, utapezeka mu 1545, mzinda wa Sevilla unakula kupitirira anthu 100,000, nyumba za amonke ndi masisitere zikuchulukirachulukira, minda ya mphesa ndi maolivi ya m'chigwa ikudzaza zombo. Barcelona ndi Valencia, omwe kale ankalamulira malonda a pa nyanja ya Mediterranean, anapeza gawo lochepa pa chumachi.

Siliva wa mfumu sankagona ku Sevilla. Anali atalonjezedwa kale kwa okongoza ndalama a ku Genoa ndi a banja la Fugger a ku Germany, kuti alipire asilikali omenya nkhondo ku Flanders ndi ku Italy. Ngakhale zinali choncho, mfumu inalephera kubweza ngongole mu 1557, 1575, 1596 ndi 1607. Kulephera kwa mu 1575 kunagwedeza misika yaikulu ya ku Medina del Campo, kumene amalonda ankakumana kawiri pachaka kuthetsa ngongole zawo, ndipo nkhondo ya ku Flanders inadula msika wa ubweya wa Burgos. Mitengo ya katundu itakwera, nsalu za ku Segovia zinayamba kugonja kwa nsalu zakunja.

Lembaninso za amene ankasenza katundu. Msonkho wolemera unkagwera mlimi ndi wamalonda wa ku Castile: msonkho wa pa zogulitsa wotchedwa alcabala, ndipo kuyambira 1590 winanso womwe unkagwera pa vinyo, mafuta ndi nyama. Aragon, Catalonia, Valencia, Navarre ndi zigawo za anthu a Basque zinali ndi malamulo awoawo ndipo zinkapereka zochepa. Pa chakhumi cha mpingo, magawo awiri mwa asanu ndi anayi ankapita kwa mfumu. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1600 matauni a pakati pa Castile monga Toledo, Segovia ndi Burgos anatha anthu, kupatula Madrid yomwe inakhala likulu mu 1561, pomwe ku Galicia ndi Asturias chimanga chochokera ku America chinachulukitsa chakudya ndi anthu. Sevilla nayenso anataya mwayi wake: mliri wa 1649 unapha anthu pafupifupi theka, zombo zikuluzikulu zinkavutika kulowa mumtsinje wa Guadalquivir, ndipo mu 1717 ofesi ija inasamutsidwira ku Cádiz.