Yankho kwa m'bale amene akukonzekera half marathon ya ku Lusaka

M'bale wanga, ndawerenga funso lanu, ndipo ndilibwereza mwachidule kuti amene sanalione adziwe zimene tikukambirana. Mwanena kuti mumakhala ku Kapata m'tauni ya Chipata, mumathamanga makilomita 5 katatu pa sabata m'mphindi pafupifupi 30, ndipo nthawi zonse mumafika pakhomo muli wefuwefu, misongolo ikuwawa. Mwalembetsa kale half marathon ya ku Lusaka, mpikisano wothamanga makilomita 21.1, umene watsala miyezi itatu, ndipo mukufunsa ngati nthawiyo ingakwane, nsapato zoyenera kugula, ndi chakudya chimene chingakupatseni mphamvu.

Nthawiyo ikwana. Munthu amene amatha kale makilomita 5 angathe kukonzekera makilomita 21.1 m'masabata 12, bola asavulale pakati pa kukonzekerako. Za nsapato ndi chakudya ndizifika kutsogoloku, koma choyamba kukonza ndi liwiro lanu, chifukwa ndilo likubweretsa zowawa zimene mwafotokozazi. Mphindi 30 pa makilomita 5 ndiye kuti kilomita iliyonse mukuitha m'mphindi 6, ndipo ngati liwiro limenelo likukusiyani osatha kuyankhula, ndiye kuti tsiku lililonse limene mwatuluka mumakhala muli pa mpikisano. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga, m'masabata ochepa chabe, pamene mafupa ndi mitsempha imene imalumikiza minofu ku mafupa zimatenga miyezi kuti zilimbe. Choncho munthu amamva kuti mpweya wayamba kukwana, n'kuwonjezera liwiro ndi mtunda miyendo isanakonzeke, ndipo apa m'pamene misongolo, mawondo ndi mtsempha wa kuchidendene zimayamba kupweteka.

Muyezo wa liwiro loyenera sufuna wotchi yodula. Mukakumana ndi wachikulire panjira, muyenera kutha kumupatsa moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za ana, n'kuyankhanso zimene wakufunsani, osaima ndiponso osadula mawu pakati kuti mupume. Ngati simungathe, chepetsani liwiro. Kwa inu zimenezi zingatanthauze mphindi 7 ndi theka pa kilomita, mwinanso 8 pokwera mtunda, ndipo poyamba mudzamva manyazi, makamaka anyamata a njinga zonyamula anthu akamakudutsani akuseka kuti bambowa akungoyenda mwandawala. Asiyeni aseke. Letesenbet Gidey wa ku Ethiopia anatha mtunda womwewu mu ola limodzi, mphindi 2 ndi masekondi 52 ku Valencia mu 2021, kutanthauza kuti kilomita iliyonse ankaitha mphindi 3 zisanakwane, koma ngakhale akatswiri a msinkhu umenewo amathamanga gawo lalikulu la makilomita awo a pa sabata mofatsa, n'kusunga liwiro lamphamvu kuti aligwiritse ntchito masiku ochepa osankhidwa.

Pa sabata muzituluka katatu kapena kanayi basi, ndipo pakati pa masiku olemera pazikhala tsiku lopuma. Maulendo awiri akhale afupi, a makilomita 5 kapena 6, pa liwiro la moni lija. Ulendo wofunika kuposa onse ndi wautali wa kamodzi pa sabata, umene ambiri timauika Loweruka m'mawa popeza Lamlungu ndi la tchalitchi. Yambani ndi makilomita 7, muziwonjezera kilomita imodzi kapena awiri sabata iliyonse, koma sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo kuti thupi lichire: mukafika pa 10 bwererani pa 8, mukafika pa 14 bwererani pa 10. Ulendo wautali kwambiri ukhale wa makilomita 16 mpaka 18, ndipo uchitike kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mpikisano ufike. Palibe chifukwa choyeserera makilomita 21 onse musanapite. Masabata awiri omalizawo ndi ochepetsa mtunda, kuti mukafike ku Lusaka miyendo ili yopepuka. Ndipo ngati maliro kapena ntchito zakudumphitsani sabata yathunthu, musayese kubweza ngongoleyo m'sabata yotsatira, ingopitirizani pamene munalekezera.

Ife a ku Chipata tili ndi mwayi wa mapiri. Tauni yathu yazingidwa ndi zitunda, ndipo simufunika kupita kutali kuti mupeze chikweza chabwino, kaya cha kumbali ya Kanjala kapena china chapafupi ndi kwanu. Misongolo ikasiya kuwawa, mwina pofika sabata yachinayi, sankhani tsiku limodzi lokwera chitunda kwa mphindi imodzi mwamphamvu pang'ono, n'kutsika mukuyenda, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kukwera kumalimbitsa akatumba ndi ntchafu popanda kumenya mafupa kwambiri, pamene kutsika mothamanga ndiko kumawononga mawondo a munthu wongoyamba kumene. Masiku ena onse funani msewu wafumbi kapena kuzungulira bwalo la mpira, chifukwa dothi limakhululukira miyendo kusiyana ndi tala. Komabe popeza mpikisanowo udzakhala pa tala, maulendo aatali a mwezi womaliza muwachite pa tala. Mukakhala pa Great East Road kapena pa msewu wopita ku Mwami, pamene pamadutsa mathiraki ndi mabasi, muzithamanga kumbali ya kumanja kuti muziona galimoto zikubwera kutsogolo kwanu, ndipo ngati mwatuluka kusanache valani malaya owala.

Nkhani ya nthawi yotuluka musaipepuse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa mumazizira ndipo munthu amathamanga bwino, koma kuyambira Sepitembala, makamaka mu Okutobala pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, ulendo wautali uyenera kuyamba cha m'ma 5 koloko kuti dzuwa likamakula mukhale mwabwerako. Kukatentha, mtima umagwira ntchito ziwiri, kutumiza magazi ku minofu ndi kuwatumiza ku khungu kuti thupi lizizire, ndiye liwiro limene linali lopepuka mu Julayi limalemera. Zikatero musaganize kuti mwabwerera m'mbuyo.

Pa misongolopo pali chinthu choti musiyanitse. Kupweteka kumene kwafalikira m'mbali mwa fupa, kumene kumachepa mukapuma masiku angapo, kawirikawiri kumatha mukachepetsa liwiro ndi mtunda. Koma ngati pali malo amodzi pa fupa amene mungawaloze ndi chala chimodzi, akuwawa ngakhale mukungoyenda kapena mukadumpha ndi mwendo umodziwo, siyani kuthamanga mupite kuchipatala, chifukwa fupa lingakhale layamba kung'aluka. Chimodzimodzinso malungo: thupi likatentha musatuluke n'komwe, kayezetseni, mumalize mankhwala, ndipo mudikire mphamvu zibwerere. Ngati muli ndi BP, matenda a shuga, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa pothamanga, kaonaneni ndi dokotala musanayambe maulendo aataliwo.

Tsopano nsapato. Simukakamizidwa kugula zatsopano za m'sitolo, chifukwa pa salaula zimapezeka zabwino, kungoti zimafuna maso. Musayang'ane dzina la kampani kapena kuwala kwa pamwamba. Itembenuzeni muone pansi pake: ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, isiyeni. Dinikizani ndi chala chachikulu mphira wofewa uja wa pakati pa phazi ndi kunsi. Ukakhala wouma gwa, kapena uli ndi makwinya ambiri m'mbali, ndiye kuti mwini wake woyamba anautha kale, popeza nsapato zothamangira zimafooka zikayenda makilomita 500 mpaka 800. Iikeni pa benchi muone ngati ikuima mowongoka osapendekera. Poyesa, pitani madzulo mapazi atatupa pang'ono, muvale masokosi amene muzithamangira, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale malo okwana chala chachikulu cha kudzanja. Nsapato yothina ndiyo imadetsa zikhadabo mpaka kuzizula mukadutsa makilomita 15. Gulani tsopano, kuti pofika tsikulo zikhale zitakuzolowerani. Onjezani kabotolo ka Vaseline kodzola pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pa nsonga za mabere, malo amene malaya onyowa thukuta amakhula mpaka kutuluka magazi. Amuna ambiri amachita manyazi kufunsa zimenezi, n'chifukwa chake ndazinena ndekha.

Pa chakudya ndifupikitsa, chifukwa chimene muli nacho kunyumba n'chokwanira. Nsima, mbatata, mpunga ndi nthochi zimapereka mphamvu. Nyemba, nsinjiro, mazira ndi kapenta zimamanga minofu. Musanatuluke ulendo wautali idyani chopepuka, monga phala pang'ono kapena nthochi ndi tiyi, kutatsala ola limodzi kapena awiri. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, nyamulani nthochi kapena maswiti ochepa, ndipo mukonze pomwera madzi panjira. Zimene mudzadye pa tsiku la mpikisano zikhale zimene mimba yanu yaziyesa kale Loweruka lililonse.

Ulendo wa ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo pa basi umadya tsiku. Ngati thumba likulola, nyamukani kutatsala masiku awiri, kuti tsiku lotsatira mukatenge nambala yanu yovala pa mpikisano, muone poyambira, muongole miyendo ndi kugona bwino. Nsomba za pa Luangwa Bridge mudzagule pobwerera. Za kukwera kwa malo musadandaule, chifukwa Chipata ndi Lusaka onse ali pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapapo anu sadzaona chachilendo.

Tsiku lenilenilo, chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi makilomita atatu oyamba. Pamakhala nyimbo, khamu la anthu, miyendo yopuma masabata awiri, ndipo aliyense amachoka ngati akuthamangitsidwa. Liwiro la mphindi 6 limamveka lopepuka zedi, ndipo munthu amayamba kuwerengera kuti akamaliza m'maola awiri ndi mphindi 7. Kwa inu kuwerengera kumeneko n'konyenga. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi wokwanira pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba, ndipo mukathamanga mopitirira muyezo wanu limamuwotcha msanga. Zili ngati nkhokwe: wotapa chimanga mosasamala mu Juni amagona ndi njala mu Febuluwale. Yambani pa mphindi 7 pa kilomita, liwiro limene lingakufikitseni m'maola awiri ndi mphindi 28, ndipo imani chakumbuyo kwa khamulo poyambira kuti lisakukokeni. Mukafika pa kilomita 10 mukutha kuyankhula bwinobwino, wonjezerani pang'ono. Mukafika pa 16 mudakali ndi mphamvu, pamenepo muli ndi ufulu wothamanga mmene mungathere.

Pa mipikisano imene ndakhalapo, pakati pa kilomita 16 ndi 19 m'pamene msewu umasintha. Macheza amatha, mumangomva mapazi ndi kupuma, ndipo m'mbali mumayamba kuona anthu amene anakudutsani ngati mphepo poyamba paja, wina wagwira katumba amene wakokana, wina akuyenda manja ali m'chiuno, nambala yake itapindika ndi thukuta. Inunso ntchafu zidzalemera ndipo maganizo adzayamba kukuuzani kuti muime. Chimene chimathandiza ndi kufupikitsa mapazi, kugwetsa mapewa, ndi kusankha chinthu chapafupi, monga mtengo wa magetsi kapena munthu wa malaya ofiira ali kutsogoloyo, n'kulimbana ndi chimenecho chokha. Kuyenda mphindi imodzi sikuchotsa munthu pa mpikisano, ndipo ndi bwino kuyenda mwadala pa malo omwera madzi kusiyana n'kudikira kuti thupi likukakamizeni.

Pa matebulo a madziwo, musalimbirane kapu yoyamba pamene pali chipwirikiti. Pitirirani kumapeto kwa tebulo. Ngati ndi kapu yofewa, ifinyeni pakamwa pake kuti madzi atulukire pa kampata kakang'ono osakulowani m'mphuno, mumwe pang'onopang'ono, otsalawo muthire m'mutu. Imwani monga mwa ludzu lanu. Kumwa madzi ochuluka mopitirira muyezo pa tebulo lililonse kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezo n'zoopsa ngati kusowa madzi komwe. Mukamva chizungulire, kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, kapena mukaona kuti maganizo akusokonekera, imani pamthunzi muitane a zachipatala amene amakhala m'mbali mwa msewu.

Chinthu chimodzi chimene mungachite sabata ino ndi kufunsa okonza mpikisanowo ola loyambira, nthawi imene amatsekera msewu kwa omaliza, ndi kutalikirana kwa malo omwera madzi. Mukadziwa zimenezo, maulendo anu a Loweruka muziwayamba pa ola lomwelo ndi kumwa madzi pa mitunda yomweyo. Loweruka likubwerali yambani ndi makilomita 7 aja, ndipo mutiuze pano mmene misongolo yachitira pofika Lolemba.