Anapita ku Keyala osabwerako: manda awo tingawapeze?

Mayi wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Akuti mlongo wa agogo awo analowa usilikali wa Keyala akadali mnyamata wosakwatira, Nsanje ikutchedwabe Port Herald. Anakwera sitima pa Chiromo, basi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kunangobwera mawu akuti anatsala ku Burma (Myanmar ya lero), ndipo pakhomo panatsala kapepala kokhala ndi nambala yawo ya usilikali. Mayiwa akufunsa kuti mlongo wa agogo awoyo anafa bwanji, nanga manda awo alipo?

Mayi, kapepalako musakataye. Ndibwererako.

Keyala ndi King's African Rifles, ndipo likulu la asilikali a Nyasaland linali ku Zomba. Pa nkhondo ya Hitler anyamata athu anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, ena anakafika ku Madagascar mu 1942. Opita ku Burma ambiri anali mu 11th East African Division. Anaoloka nyanja pa sitima ya pamadzi, nakakhala ku Ceylon (Sri Lanka ya lero) akuphunzira nkhondo ya m'nkhalango, kenako mu Ogasiti 1944 anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma kukapirikitsa Ajapani amene ankathawa atagonja ku Imphal ndi ku Kohima m'dziko la India.

Inali nyengo ya dzinja lakumeneko. Ife a kuchigwa timadzitama kuti matope ndi udzudzu tinabadwa nazo, koma taganizani Dambo la Ndindi mu Febuluwale, inu mutasenza mfuti ndi katundu, mvula osakata, chakudya chikuchita kuponyedwa ndi ndege chifukwa galimoto zatitimira. Malungo, kamwazi ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu zinkagwetsa asilikali ochuluka. Nchifukwa chake ndikuti musafulumire kuganiza za chipolopolo chokha. Mnyamata wolima thonje ku Tengani ankatha kufa ndi thupi lotentha pa machira, Mjapani asanamuone n'komwe. Otsalawo anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala 1944.

Za manda tsono. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasunga mayina a asilikali omwe anafa pa nkhondoyi, ndipo kufufuza pa intaneti pawo n'kwaulere. Ambiri amene anakwiriridwa m'tchire anawafukula n'kukawaika ku manda a Taukkyan, pafupi ndi mzinda wa Yangon (kale Rangoon) ku Burma komweko. Pomwepo pali chipilala cha Rangoon Memorial cholembedwa mayina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sadziwika.

Apa ndi pamene nambala ija ikugwira ntchito. Makalaliki a usilikali ankalemba dzina momwe alimvera, ndiye dzina lachisena kapena lachimang'anja linkapotoka. Anyamata ena ankalembetsa dzina la bambo awo, ena dzina longodzipatsa tsiku lomwelo. Mukalemba dzina limene agogo anu ankaitanira mlongo wawo, mwina simupeza kanthu, koma nambala sisintha. Yambani ndi imeneyo, ndipo pa dzina la gulu mulembe King's African Rifles. Mukawapeza muona tsiku limene anamwalira ndi batalyoni yawo.

Zikakanika, pitani ku National Archives ku Zomba mukafunse mafayilo a boma la Port Herald a zaka za nkhondo. Kapepalako mukajambule pa foni, chenichenicho chitsale kunyumba. Musanakwere basi mufunsenso akuluakulu a pamudzi dzina la mfumu imene inkalamulira nthawi imeneyo, poti boma linkalemba anthu potsata mudzi ndi mfumu yawo.