Kodi laser imathetseratu ndevu za pachibwano?

Achemwali, tindevu timeneto sititheratu ndi laser, koma timachepa kwambiri, ndipo totsalato timamera mochedwa, tili tofewa. Kuwala kwamphamvu kwa makina a laser kumawotcha muzu wa tsitsi lokhalo limene likukula panthawiyo, n'chifukwa chake pamafunika maulendo 6 mpaka 8, motalikirana milungu 4 kapena 6. Ine m'khwapa munayera, totupa ta lezala tija tinatha, komabe nthawi zina ndimabwererako kukachotsa tomwe tatulukanso.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti ife akhungu lakuda tisamangogonera makina alionse. Funsani ngati ali ndi mtundu wa laser wotchedwa Nd:YAG ya 1064 nm. IPL (makina ena ochotsera tsitsi ndi kuwala, koma si laser) imene imatsatsidwa motchipa m'masaluni ena mu Lusaka muno imatha kukuwotchani n'kusiya zipsera zakuda, poti kuwala kwake kumagwiranso khungu, osati tsitsi lokha. Auzeni ayambe ayesa pakamalo kakang'ono. Pakati pa maulendo musazule, muzingometa, ndipo dzuwa la Okutobala lija mulipewe. Pa imvi laser sigwira ntchito.

Koma ngati ndevuzo zachuluka mwadzidzidzi ndipo msambo ukusokonekera, yambani mwaonana ndi dokotala, ngakhale ku chipatala chachikulu cha UTH (University Teaching Hospital). Ikhoza kukhala PCOS, vuto la kusokonekera kwa mahomoni mwa amayi, ndipo mahomoni akapanda kuwongoledwa tsitsilo limabwerera.