Tifunseni: Mawaya akungotidutsa pamutu, mjigo nawo wafa

Mwezi uno makalata ambiri achokera kumidzi yozungulira Lilongwe ndipo kudandaula kwake nkofanana, magetsi ndi madzi. Ndasankhapo anayi.

FUNSO: Malume, ine ndimakhala mbali ya ku Kasiya, ndili ndi kagolosale ndipo ndimalakalaka nditagula filiji ndizigulitsa mafilizesi ndi zakumwa zozizira. Chomwe chimandiwawa nchoti mawaya amagetsi anadutsa pamwamba pa mudzi wathu penipeni, pholo ina ili m'munda mwa amayi anga, koma mudzi wonse tikuyendera tochi basi. Ena akuti pali munthu amene angatikokere waya tikamupatsa kangachepe. Titani? Mnyamata wa golosale, Kasiya.

YANKHO: Mphwanga, choyamba munthu wa kangachepeyo muthaweni, ndikunena mochokera pansi pa mtima. Mawaya mukuwaonawo si ofanana ndi amene amalowa m'nyumba ayi, amenewo amanyamula mphamvu ya mavoti 11,000 kapena 33,000 pamene filiji yanu imafuna 230 yokha, ndiye wina akangokhudzitsa waya pamenepo ndi maliro, osati ake okha koma mwina ndi ana osewera pansi pa pholoyo. Chimene chikusowa pamudzi panu ndi thiransifoma, chija chimakhala pamwamba pa mapholo awiri chomangolira kuti huuu, ndicho chimatsitsa mphamvuyo kuti ikwane m'nyumba. Ndipo nacho chili ndi malire, nyumba ikatalikira kwambiri magetsi amafika ofooka, babu kumangoyaka ngati kandulo, filiji osazizira.

Magetsi akumudzi boma limawafikitsa kudzera mu pologalamu ya MAREP, ndalama zake zina zimachokera pa kamsonkho kamene timalipira tikamagula mafuta agalimoto. Amayambira pamalo pomwe pali anthu ambiri, pa msika, pa chipatala, pa sukulu, ndipo maina a malowo amadzera ku khonsolo ya boma. Ndiye kudandaula pa bawo sikuthandiza, nkhaniyi ikalowe ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kudzera kwa amfumu, ikwere ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, akhansala anu aitenge, ndipo mulembe maina a nyumba zonse zofuna magetsi, chigayo, mashopu, tchalitchi, owotcherera zitsulo ngati alipo. Mndandanda wa nyumba zambiri umamveka kuposa munthu m'modzi wa filiji. Thiransifoma ikabwera mudzafuna katswiri wa laisensi akuikireni mawaya m'nyumba, kenako mukalembetse ku ofesi ya ESCOM, ndalama iliyonse mulipire ku ofesi ndi kutenga lisiti, osati pansi pa mtengo. Mita yake ndi ija yogulira mayunitsi pa Airtel Money kapena Mpamba.

Ndisakunamizeni kuti zichitika mawa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zinali ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi zinali zochepetsetsa kuposa pamenepo. Komanso magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, nchifukwa chake namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tonse tinauona mdima ngakhale a ku Area 10 omwe. Podikirapo ganizirani za sola, koma osati kaja ka mababu atatu ndi kutchajira foni, filiji imafuna mapanelo ndi batire zokulirapo, mufunse odziwa akuwerengereni musanataye ndalama ya fodya chaka chonse.

FUNSO: Mjigo wathu wangotha zaka zochepa koma wayamba kuvuta, m'mawa umapopa mpaka mkono kuwawa madzi osatuluka, chogwirira chake chikugwedera uku ndi uku. Azimayi tabwereranso kukatunga kudambo. Abungwe amene anatikumbira aja sanabwerenso. Tikadandaule kuti? Mayi wa ana anayi, Malingunde.

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri chifukwa inu a ku Malingunde ndi amene mumakhala pafupi ndi madamu a Kamuzu, komwe Lilongwe Water Board imasunga madzi amene timamwa m'tauni muno, koma eni dera mukutunga kudambo. Zimapweteka ndithu.

Koma tamverani, momwe mwafotokozeramu mjigo wanu sunafe, ukungodwala ndipo matenda ake ndi odziwika. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya mtundu wa Afridev ndipo anaipanga dala kuti anthu apamudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi ndi kandodo kokolera. Mukamapopa nthawi yayitali m'mawa madzi asanatuluke ndiye kuti kavavu ka pansi penipeni kakudontha, madzi amabwerera pansi usiku, nthawi zambiri ndi timarabala tating'ono tatha. Chogwirira chikamagwedera ndi mabushi apulasitiki aja aperepeseka, ndipo amenewo mukawalekerera chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, apo ndiye ndalama zimachuluka. Madzi akamatuluka pang'onopang'ono chonsecho mukupopa mwamphamvu ndi rabala ya pa pulanja, kachipangizo kamene kamakweza madzi m'paipi, yomwe yatha. Zonsezi ndi tizipangizo tokwana m'dzanja limodzi, timapezeka m'mashopu ena a hadiweya pa matiredingi senta, ndipo timayenera kusinthidwa chaka ndi chaka ngakhale mjigo ukuoneka ngati uli bwino.

Ndiye funso langa kwa inu ndi lakuti komiti ya mjigo ilipo? Imasonkhetsa? Ndalamazo amasunga ndani, nanga kope lake anthu amaliona? Mijigo yambiri imafera pamenepa, anthu amasonkha miyezi iwiri yoyamba kenako msungichuma wabwereka ndalama za feteleza, anthu akwiya asiya kusonkha, rabala yatha, basi mjigo wa mamiliyoni wasanduka pomangirira mbuzi. Abungwe akakumba amapita kwina, umo ndi momwe zimakhalira, mjigo umatsala wanu. Kaonaneni ndi amfumu aitanitse msonkhano, musankhenso komiti ndipo azimayi mukhalemo ambiri poti otunga ndinu, ndalama ziziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi. Funsani alangizi azaumoyo akulozereni mekaniki wa mijigo wa m'dera lanu, ambiri anaphunzitsidwa ndipo amayenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Akalephera iyeyo, mwina mapaipi ang'ambika kapena madzi atsika pansi, ndi pamene mumapita ku ofesi ya zamadzi ku khonsolo. Muonenso chiwerengero, mjigo umodzi anauyezera anthu pafupifupi 250, ngati midzi itatu ikudalira womwewo udzingoonongeka basi.

Pakadali pano madzi akudambowo chonde musamwe osathira mankhwala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30, kapena katengeni kolorini kwa alangizi, apo ayi wiritsani.

FUNSO: Mwana wanga ali ku Johannesburg akuti kumaiko ena gasi wophikira amabwera pa paipi ngati madzi. Kuno zilipo? Makala akwera udyo. Mphunzitsi wopuma, Nathenje.

YANKHO: Aphunzitsi, kuno gasi wa paipi kulibe, ngakhale m'tauni. Amene tili naye ndi wa m'masilinda, amachokera kunja ndipo mumakadzazitsa akatha. Amaphika msanga, alibe utsi, vuto ndi ndalama yoyambira ndi mtunda wokadzazitsa. Mukagula, silinda izikhala choimirira pamalo popita mphepo, ndipo mukamva fungo osayatsa machesi, tsekani, tsegulani mazenera, pakani thovu la sopo polumikizira paipi muone ngati likututuma. Ngati muli ndi ng'ombe zingapo m'khola funsani za gasi wa ndowe. Apo ayi Chitetezo mbaula ya dothi ija imachepetsa nkhuni ndithu.

FUNSO: Chimbudzi chathu chimagwa dzinja lililonse, dothi lake ndi lamchenga. Kodi mapaipi a suweji adzafika kuno? Bambo wa ku Mitundu.

YANKHO: Bambo, musawadikire. Mu mzinda wa Lilongwe momwemu ndi madera ochepa okha amene zonyansa zawo zimayenda pa paipi kupita ku maiwe a ku Kauma, ena tonse ndi sepitiki thanki kapena chokumba. Pa mchenga kumbani dzenje lozungulira osati lamakona, limalimba kuposa, ndipo mumange njerwa mkati kuyambira pansi mpaka pamwamba, mizere ya m'munsi muzisiya timipata kuti madzi azilowa m'nthaka. Pamwamba ikani silabu, muunjike dothi mozungulira kuti madzi amvula asalowe m'dzenje, denga lisadonthe, pabowo pakhale chivindikiro, panja mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Ndipo chikhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, mamita osachepera 30, mukakumba kumtunda zomwe mwasiya m'dzenjemo zidzakupezani mu ndowa.