Masiku anayi ku Réunion: gombe lidikire, yambani ndi kumapiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Mulanje amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Analemba kuti: "Ine ndi amuna anga tasunga kandalama ndipo tapeza tchuthi cha masiku anayi mu Seputembala. Tikufuna kupita ku chilumba cha Réunion. Kodi masiku anayi angakwane? Tikaone chiyani, tisiye chiyani? Anzanga akuti tikangokhala kugombe n'kumasambira."

Achemwali, zikomo pondilembera. Masiku anayi ndi ochepa, koma akwana ndithu ngati simumvera anzanuwo. Ndikuganiza kuti iwo akunena za Mauritius, chilumba choyandikana nacho, chomwe chili ndi mchenga woyera mbee pafupifupi mbali zonse. Réunion ndi ina. Ndi chiphiri chimene chinatumphuka pansi pa nyanja ya Indian, kum'mawa kwa Madagascar, ndipo zokongola zake zili kumtunda. Nsonga yake yaitali, Piton des Neiges, ndi ya mamita 3,070. Inu a ku Mulanje mukudziwa kuti Sapitwa ndi wa mamita 3,002. Ndiye taganizani Sapitwa ataima pakati pa nyanja, mafunde akumenya m'tsinde mwake.

Za mapepala ndinene msanga chifukwa zimagwetsa ambiri. Chilumbachi ndi chigawo cha dziko la France kuyambira 1946, ndalama yake ndi yuro, koma sichili m'dera la Schengen, la maiko a ku Ulaya amene munthu amawayendera ndi viza imodzi. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, pofunsira viza nenani momveka kuti mukupita ku Réunion, ndipo dzinalo lionekere pa vizayo. Ndege yochokera ku Johannesburg imatenga pafupifupi maola anayi, ndipo mukatera pa bwalo la Roland Garros pafupi ndi Saint-Denis mukankhire wotchi yanu patsogolo ndi maola awiri. Bwerekani galimoto. Mabasi achikasu otchedwa Car Jaune alipo ndipo amayenda bwino m'mphepete mwa nyanja, koma sangakufikitseni pamwamba pa phiri dzuwa lisanatuluke. Kumbukiraninso kuti kumeneko amayendetsa kumanja kwa msewu.

Nkhani ya dzuwayi ndiyo yaikulu pa zonse zimene ndikuuzeni. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja imakwera mapiri tsiku lililonse, ndipo pofika cha m'ma 10 koloko m'mawa mitambo imakhala itaphimba zigwa ndi nsonga, monga chiperoni chimachitira kwanu. Ulendo wanga woyamba ndinadya kadzutsa mosathamanga, ndinafika pamalo oonera chigwa cha Mafate cha m'ma 11, ndipo ndinangoona chifunga choyera, osaona ngakhale mtengo umodzi kutsidya. Zinandipweteka mumtima moti ndinabwererako mawa lake 5 koloko isanakwane. Choncho kugona tulo tambiri mukagone mukabwerera ku Johannesburg.

Tsiku lofika pitani kumwera, mukagone ku Saint-Pierre kapena kumtunda ku Bourg-Murat, kuti m'bandakucha muyambe ndi phiri lamoto, Piton de la Fournaise. Ndi la mamita 2,632 ndipo lili m'gulu la mapiri ophulika kawirikawiri kwambiri padziko lonse. Msewu wake umayamba m'madambo a ng'ombe zamkaka, kukuzizira ngati ku Dedza mu Juni, kenako mitengo imafupika, kenako imatheratu. Mukakhota pa kona ina, pansi panu pamatseguka Plaine des Sables, chidikha cha phulusa lofiirira lopanda udzu, lopanda mbalame, msewu ukudutsa pakati ngati ulusi. Ine pamenepo ndinaimitsa galimoto n'kungokhala chete. Chigawo chomaliza cha msewuwo ndi chafumbi ndi zigweregwere, muyende pang'onopang'ono mpaka pa Pas de Bellecombe, pamphepete pa phompho, pomwe phirilo limaima patsogolo panu lonse lathunthu.

Kuchokera apo pali masitepe otsikira m'chigwa chotchedwa Enclos. Pansi pake mumaponda mwala wakuda umene unali chiphalaphala chamoto, wina wosalala wopindikapindika ngati chingwe, wina wakuthwa wong'amba nsapato. Njira anaiika zizindikiro za penti yoyera pamiyala, ndipo musazitaye ngakhale pang'ono, chifukwa chifunga chikabwera mbali zonse zimafanana. Kaphiri kofiira kotchedwa Formica Leo kali pafupi, aliyense wamiyendo yabwino angakafikeko. Kukafika pakamwa pa dzenje lalikulu la Dolomieu ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposa, kupita ndi kubwera. Dzenje limeneli linagumukira m'kati mamita oposa 300 mu Epulo 2007. Ngati inu ndi amuna anu munazolowera kukwera ku Chambe kapena ku Lichenya, pitani, mutenge madzi ambiri, chipewa ndi juzi. Akatswiri amene amaliyang'anira phirili akaona kuti likugwedezeka, boma limatseka chipata cha Enclos, ndiye mufunse usiku wake. Mukapeza kotseka musadandaule: ku Bourg-Murat kuli nyumba yoonetsera zinthu ya Cité du Volcan, yomwe imalongosola bwino mmene chilumba chonsechi chinapangikira.

Tsiku lotsatira zungulirani phiri lomwelo cham'munsi, kudzera ku Saint-Philippe kulowera ku Sainte-Rose. Chiphalaphala cha phirili ndi chamadzimadzi, sichiphulika ngati bomba, chimayenderera kutsikira kunyanja kudzera m'dera lopanda midzi la Grand Brûlé, ndipo chadula msewu umenewu kangapo. M'mbali mwake muli zikwangwani zolemba chaka chimene moto unadutsa. Pamalo akale nkhalango yamera kale, pa atsopano pali ndere zotuwa ndi timitengo tochepa totuluka m'ming'alu. Mukuona ndi maso anu mmene dothi limayambira. Mu 1977 moto unatulukira kunja kwa Enclos n'kulowa m'mudzi wa Piton Sainte-Rose. Unazinga tchalitchi, unasuzumira pakhomo, koma nyumbayo inatsala chiimire, ndipo lero imatchedwa Notre-Dame des Laves. Mwala wakudawo ukadali pomwepo pakhomo. Anthu a pamenepo amati ndi chozizwitsa, ndipo ine nditalowamo sindinafune kutsutsana ndi wina aliyense.

M'dera lomweli ndi mmene amalima vanila, m'nkhalango, akuyanga pamitengo. Mukaima pa munda wina, funsani za Edmond Albius. Anali mnyamata wa zaka 12, kapolo ku Sainte-Suzanne, pamene mu 1841 anapeza njira yoika mungu pa duwa la vanila ndi kamtengo kakang'ono ndi chala chachikulu. Njira yomweyo ndi imene alimi akugwiritsa ntchito mpaka lero, ku Madagascar ndi kwina. Ena analemera nayo, iye anamwalira ali wosauka.

Zimenezi zikundifikitsa pa zigwa zitatu zimene zazungulira Piton des Neiges: Salazie, Cilaos ndi Mafate. Chilichonse chili ngati mphika waukulu wa makoma a miyala, wokumbidwa ndi kugumuka kwa phiri ndi mvula yoopsa. Mvula ya kumeneko si yamasewera. Pamalo otchedwa Foc-Foc inagwa mamilimita 1,825 m'maola 24 mu Januwale 1966. Ambiri amajambula zigwazi n'kumapita, koma ine ndikufuna muzione ndi mtima wina. Chilumbachi chinalibe anthu mpaka Afalansa atakhazikikapo m'zaka za m'ma 1600, ndipo minda yawo ya khofi, kenako ya nzimbe, inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Amalonda a ku France ankagula anthu ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, komwe kunkathera njira za akapolo zochokera kuno kunyanja kwathu. Othawa m'minda ankakwera m'zigwa zimenezi, kumene owasaka ankavutika kufika. Maina ambiri a kumtunda ndi a Chimalagasi kapena a othawawo: Cilaos amati akuchokera ku mawu otanthauza malo amene munthu sachokako, ndipo Mafate, Cimendef ndi Anchaing ndi maina a anthu amene anakana goli. Ukapolo unatha pa 20 Disembala 1848, anthu oposa 60,000 anamasulidwa, ndipo tsikuli amalikondwerera chaka ndi chaka ndi ng'oma za nyimbo zachikhalidwe chawo zotchedwa maloya. Mukamva ng'omazo, thupi lanu lizizindikira lokha.

Pa masiku anayi simungalowe m'zigwa zonse. Ine ndikuti mukachoka ku Sainte-Rose mukwere ku Salazie mukagone ku Hell-Bourg. N'kosavuta kufikako, n'kobiriwira, mathithi a Voile de la Mariée amaonekera mumsewu momwe, ndipo mapiri ake aphimbidwa ndi chouchou, chomwe kwathu ena amati shushu; kumeneko amadya chipatso ndi masamba omwe. Cilaos ndimakukonda kwambiri, kuli akasupe otentha, mphesa ndi tinyemba tawo totchuka, koma msewu wake wochokera ku Saint-Louis uli ndi makona pafupifupi 400 ndipo ungakudyereni tsiku lonse. Kusiyeni, limodzi ndi kukwera Piton des Neiges, komwe kumafuna masiku awiri pakokha.

Mafate mukaione kuchokera pamwamba, pa Maïdo, mamita pafupifupi 2,200 kumtunda kwa Saint-Paul, ndipo mufike dzuwa likutuluka. Mukasuzumira pansi muona timadenga ta malata tikunyezimira pa tizitunda. M'menemo mumakhala anthu mazana angapo, muli masukulu ndi timagolosale, koma mulibe msewu wa galimoto ngakhale umodzi. Katundu amabwera pa helikopita, anthu amayenda pansi. Ngati tsikulo ndi Lachisanu, potsika imani pa msika wa m'mbali mwa nyanja ku Saint-Paul. Idyani mpunga ndi nyemba ndi rougail saucisse, yomwe ndi soseji yophikidwa mu tomato, ndipo tsabola wawo muyambe mwalawa kaye pang'ono.

Tsopano gombe la anzanu lija. Madzulo a tsiku limeneli pitani ku L'Ermitage kapena ku La Saline, komwe matanthwe a m'nyanja amatchinga mafunde ndipo madzi ndi osaya, odzaza ndi tinsomba tamawangamawanga. Sambirani m'menemo kapena pamalo pamene pali opulumutsa anthu basi. Kuyambira 2011 mashaki apha anthu angapo m'madzi a chilumbachi, ndipo kusambira kwina kulikonse n'koletsedwa. Mwezi mwasankha bwino: anamondwe amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo (Freddy uja anadutsa kumpoto kwa chilumbachi mu Febuluwale 2023 asanatipeze ife), pamene mu Seputembala kumakhala kouma, ndipo anangumi amakhala ali pafupi ndi gombe la kumadzulo ndi ana awo. Ku Saint-Gilles kuli maboti opita kukawaona, koma ngakhale mutangokhala pa matanthwe a Cap La Houssaye dzuwa likulowa, yang'anani kunyanja, mwina muona mpweya wawo ukufuka ngati utsi.

Pobwerera ku bwalo la ndege nyamukani msanga, chifukwa polowa mu Saint-Denis magalimoto amathithikana m'mawa ndi madzulo. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva ngati munakafika pa Dolomieu.