Kwa achemwali amene mwafunsa za kukalembera ntchito ku Hanoi

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wodyera cholembera, wopanda bwana mmodzi wokhazikika, angathe kukakhala ku Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, mwezi umodzi kapena iwiri akulembera makasitomala ake a kutali, n'kumaonanso malo. Mwafunsanso ngati sikungomwaza ndalama. Ine ndinakhalako masabata 7, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa. Yatalika, mundipirire.

N'zotheka. Koma chimene chinandipulumutsa ine ndi wotchi, osati kutchipa kwa zinthu kumene anthu amakonda kukokomeza. Hanoi ali patsogolo pa Malawi ndi maola 5. Kasitomala wa ku Johannesburg akamatsegula kompyuta 8 koloko m'mawa, kwa inu ndi 1 koloko masana. Wa ku London ndiye amadzuka inu mutadya kale nkhomaliro, chifukwa kusiyana kwake ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo. Ndiye kuti m'mawa wonse ndi wanu, palibe amene akukuimbirani kapena kukufunsani kuti nkhani ija yafika pati. Ndipo mwamwayi, Hanoi ndi mzinda wa m'mamawa. Sabata yoyamba ndinaichita mopusa, ndinkagona mpaka dzuwa litakwera, kenako n'kumathamangira kukaona malo masana kwinaku foni ikulira ndi mauthenga a ntchito. Malo sindinawaone bwino, ntchito nayo inkatuluka yosapsa. Nditatembenuza zinthu, kudzuka 5 koloko, kuyenda mpaka cha m'ma 11, kenako kukhala pansi n'kulemba mpaka usiku, m'pamene ulendo unayamba kukoma.

Za viza ndinene mwachidule. Kuyambira mu Ogasiti 2023 dziko la Vietnam limapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse, yofika masiku 90. Yolowera kamodzi inali madola 25, yolowa n'kutuluka kangapo madola 50. Lemberani pa webusaiti ya boma lawo, musadzere kwa a dobadoba a pa intaneti amene amawonjezera mtengo. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili mu pasipoti, ndipo sindikizani pepalalo. Kumbukiraninso kuti viza ya mlendo si chilolezo cha ntchito. Musakayambe kufunsira maganyu m'makampani a komweko.

Mukatera pa bwalo la ndege la Noi Bai, gulani simu khadi musanatuluke. Ine ndinagula ya Viettel, ndipo abale athu a ku Angonia ndi ku Tete aidziwa kampaniyi mosadziwa, chifukwa ndi imene ili kuseri kwa Movitel, komanso Halotel ya ku Tanzania. Netiweki yake sinandikhumudwitsepo. Basi nambala 86 imakufikitsani pakati pa mzinda pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo mukakhazikika ikani Grab pa foni. Ndi kabaza wa njinga yamoto amene mtengo wake mumaudziwiratu musanakwere, palibe zonenerera. Chenjerani ndi paipi ya utsi potsika. Ndili ndi chipsera pa katumba chimene chimandikumbutsa tsiku lachitatu.

Njinga zamotozo ndiye nkhani. Tengani kabaza yense wa mu Lilongwe, muwonjezere wa ku Blantyre ndi ku Mzuzu, muwathire mu msewu umodzi, mwina mungayandikire. Tsiku loyamba ndinaima m'mbali mwa msewu mphindi zambirimbiri kudikira mpata umene sunabwere. Agogo ena aakazi atasenza mitanga iwiri pa mtengo wa paphewa anandiyang'ana, n'kundikodola, ndipo ndinawatsata ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Chinsinsi chake n'kuyenda pang'onopang'ono osasintha liwiro, osathamanga, osabwerera m'mbuyo. Oyendetsa amakuwerengerani okha n'kukulambalalani ngati madzi polambalala mwala. Mukachita mantha n'kudumpha, m'pamene mumawasokoneza.

Tsopano ndalama, pakuti apa m'pamene ndinapsa. Ndalama yawo ndi dong, ndipo nthawi imene ndinaliko dola imodzi inkasintha pafupifupi 25,000. Ukasintha madola 100 umasanduka miliyoneya, mutu n'kuzungulira ndi maziro. Pepala la 20,000 ndi la 500,000 onse ndi obiriwira motuwira ngati mtambo, ndipo usiku pansi pa getsi lofooka amafanana. Ndinapatsa woyendetsa njinga la 500,000 ndikuyesa la 20,000, iye n'kuthokoza mwaulemu kwambiri, ine n'kumadabwa kuti anthu a kuno ndi aulemu bwanji. Ndinazindikira ndili pabedi. Kuyambira tsiku limenelo mapepala akuluakulu ndinkawasunga m'thumba lina.

Chachiwiri n'chachikulu. Kasitomala wanga wina, amene ndinkamulembera nkhani za pa webusaiti ya malonda ake, anachedwetsa malipiro masabata atatu. Tsiku lililonse ankati mawa. Sabata yomweyo khadi yanga ya ku banki ya kwathu inakanidwa pa makina awiri otsatizana, ndipo vuto la ndalama zakunja kwathu kuno simufunika kuuzidwa. Ndikanakhala kuti ndinanyamuka podalira ndalama zimene sizinalowe, ndikanagona ndi njala m'dziko la eni. Chinandiombola ndi madola amene ndinasunga m'kathumba ka pasipoti. Choncho musanyamuke musanakhale ndi ndalama ya malo ogona ndi chakudya ya ulendo wonse m'manja, ndipo makasitomala atsopano muziwauza kuti alipiretu theka. Amene akukana theka ndi yemwe adzakuuzeni kuti mawa.

Polembera sindinavutike. Vietnam ndi yachiwiri pa dziko lonse pa ulimi wa khofi, kutsatira Brazil, ndipo mu Hanoi malo omwera khofi ali ngati maokala kwathu. Pafupifupi onse ali ndi Wi-Fi, ndipo palibe amene amakuthamangitsa ukakhala maola atatu ndi kapu imodzi. Vuto ndi mipando. Ambiri ndi timipando ta pulasitiki tofika m'akakolo, tabwino pocheza koma toononga msana ukamalemba mawu 2,000. Ndinachita kusaka malo a tebulo lenileni, ndipo ambiri otere ndinawapeza ku Tay Ho, m'mbali mwa nyanja yaikulu ya kumadzulo, kumene kumakhala alendo ambiri. Khofi wawo ndi waukali, amamuthira mkaka wokhuthala wa m'chitini. Musamwe wachiwiri madzulo ngati mukufuna tulo. Lawaninso khofi wa dzira ku Cafe Giang, kumene amati anayambira mu 1946 mkaka utasowa, mwini wake n'kumenya yolki ya dzira ndi shuga m'malo mwake. Ndinapita ndikunyansidwa, ndinabwerera kanayi.

Malo oona ndiyambe ndi amene ndinawakonda koposa, nyanja yaing'ono ya Hoan Kiem. Pitani 5:30 m'mawa. Mudzapeza agogo ambirimbiri akuchita masewera olimbitsa thupi, ena akuvina awiriawiri ndi kawailesi, ena akumenyana misana pamzere, ena akungoseka mokweza dala ngati mankhwala. Palibe amene akugulitsa kanthu kwa mlendo nthawi imeneyo. Dzina la nyanjayi limatanthauza lupanga lobwezedwa. Nthano yake imati mfumu Le Loi, itathamangitsa asilikali a ku China m'zaka za m'ma 1400, inabweza lupanga lake kwa fulu wagolide wa m'nyanjamo. Chodabwitsa n'chakuti munalidi afulu akuluakulu a mtundu wosowa kwambiri, ndipo womaliza anafa mu Januwale 2016. Mukawoloka kamlatho kofiira kupita ku kachisi wa Ngoc Son mudzamuona ataumitsidwa m'bokosi la galasi, wamkulu ngati chitseko chaching'ono. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu misewu yozungulira nyanjayi amaitseka, ana n'kumaseweramo.

Kumpoto kwa nyanjayi kuli dera lakale la misewu 36, kumene msewu uliwonse unatchedwa ndi malonda ake. Hang Bac unali wa osula siliva, Hang Ma ndi wa zinthu za mapepala zimene amawotchera makolo awo akufa, ndalama za pepala, nyumba za pepala, ngakhale mafoni a pepala. Koma umene unandigwira mtima ndi Hang Thiec, wa okhoma malata. Phokoso la nyundo lija linandifikitsa kwa amisiri a ndowa ndi mbaula a m'misika ya kwathu, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikumva kusowa kwathu koyamba.

Poti ndinu wolemba, musaphonye Van Mieu. Ndi kachisi wa Confucius, mphunzitsi wanzeru wakale wa ku China. Kachisiyu anamangidwa mu 1070, ndipo mu 1076 anatsegulapo sukulu imene amaiwerenga ngati yunivesite yoyamba ya dzikolo. Muli miyala 82 yoimikidwa pa misana ya afulu osema, yolembedwa mayina a anthu amene anakhoza mayeso a mfumu pakati pa 1442 ndi 1779. Ana a sukulu amabwerabe mayeso akayandikira kudzapempha mwayi. Ine amene ntchito yanga yambiri imatuluka pa intaneti yopanda dzina langa, pansi pa dzina la kasitomala, ndinayang'ana mayina amene akhala pa mwala zaka 500 ndipo ndinaseka ndekha. Madzulo ake ndinakalemba nkhani ya mawu 800 yokhudza mapampu a madzi.

Ku manda a Ho Chi Minh, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa dzikolo, pa bwalo la Ba Dinh, pitani m'mawa, chifukwa masana satsegula, ndipo Lolemba ndi Lachisanu amatseka. Pabwalo limenelo m'pamene iye analengeza ufulu wa dzikolo pa 2 Seputembala 1945. Anamwalira mu 1969, ndipo ngakhale anapempha kuti mtembo wake uwotchedwe, anauumitsa n'kuuika m'nyumba imeneyi. Valani zobisa mawondo ndi mapewa. Mkati simujambula, simuyankhula, simupisa manja m'thumba, mumangoyenda pamzere asilikali ovala zoyera akukuyang'anani. Zonse zimatha m'mphindi zochepa. Ndende ya Hoa Lo ndiyo inandilemera kwambiri. Anaimanga Afalansa m'zaka za m'ma 1890 kuti azitsekeramo omenyera ufulu, ndipo chimpeni chodulira mitu chikadalipo. Pambuyo pake munasungidwa oyendetsa ndege za nkhondo a ku America, mmodzi wa iwo John McCain, amene anadzakhala wandale wotchuka ku America. Mbali ya Afalansa amaifotokoza ndi ululu wonse, mbali ya akaidi a ku America amaionetsa ngati anali pa tchuthi. Inu amene mumadziwa mmene nkhani imapindidwira mudzaona nokha.

Mlatho wa Long Bien, umene unamalizidwa mu 1902 pa mtsinje wa Red River, uyendeni wapansi dzuwa likamatuluka. Unaphulitsidwa kangapo pa nkhondo n'kumakonzedwa, ndipo lero umadutsa sitima, njinga ndi anthu basi. Pansi pake pali minda ya nthochi pakati pa mzinda. Pamlathopo njinga zimayenda kumanzere ngati kwathu, pamene mzinda wonse umayenda kumanja. Zidole zovina pamadzi ku nyumba ya zisudzo ya Thang Long n'zabwino kuona kamodzi. Msewu wotchuka uja wa sitima yodutsa pakati pa nyumba, ine ndinaupeza apolisi atatseka, ndipo sindinadandaule.

Chakudya musaope. Pho ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe kapena nkhuku wokhala ndi timizere ta ufa wa mpunga, ndipo eni ake amadya m'mawa. Bun cha ndi nkhumba yootcha pa makala, ya masana. Idyani pamene pali mzere wa eni dziko. Msuzi wawo wa nsomba ukamanunkha mudzakumbuka usipa wouma, ndiye ife sutivuta. Ngati simudya nkhumba muzifunsa kawiri, imalowa m'zakudya zambiri, ndipo mukaona chikwangwani cholembedwa thit cho dziwani kuti ndi nyama ya galu. Nsima ndiye iwalani. Pofika sabata yachinayi ndinkailota.

Mwafunsa mwaulemu za khungu lathu, ndiye ndiyankhe mosabisa. Adzakuyang'anani, makamaka mukatuluka m'madera a alendo. Ena adzapempha kujambulitsa nanu, ndipo mayi wina pa msika anandisisita mkono n'kuyang'ana chala chake. Masiku ena ndinkaseka, masiku ena zinkanditopetsa ndipo ndinkangokhala m'chipinda. Chipongwe chenicheni sindinakumane nacho, koma inu ngati muli ndi tsitsi loluka konzekerani manja a anthu osapempha. Kukana n'kololedwa, mungogwedeza mutu n'kubwerera pang'ono.

Nyengo muisankhe bwino. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yabwino. Juni mpaka Ogasiti kumatentha konyowa, thukuta losauma, kuposa kwa ku Nsanje chifukwa ngakhale usiku sikupepuka. Januwale kumazizira ndithu ndipo nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, komanso miyezi yozizirayi mpweya umada ndi utsi mpaka dzuwa kuoneka ngati mwezi. Ngati muli ndi mphumu ganizani kawiri. Pewaninso sabata ya Tet, chaka chawo chatsopano chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, chifukwa anthu amapita kumudzi ngati ife pa Khirisimasi, ndipo malo ambiri odyera ndi omwera khofi amatseka.

Malo ogona musalipiretu mwezi wonse pa intaneti. Lipirani masiku atatu, mukaone chipindacho ndi maso, muyese Wi-Fi mutakhala pamene mudzalembere, ndipo mufunse ngati chili ndi zenera. Nyumba za m'dera lakale ndi zopapatiza ndi zazitali kulowa mkati, ndiye zipinda zapakati zambiri zilibe zenera ngakhale limodzi. Ine ndinagona m'chotere masiku asanu, ndinkadzuka osadziwa ngati kwacha.