Mwana amadikira akamakhulupirira kuti lonjezo likwaniritsidwa

Mphunzitsi wina wa Sitandade 7 wanditumizira imelo kufunsa mmene angaphunzitsire ana a zaka 12 ndi 13 kudziletsa. Akuti akangoweruka amathamangira ku mpira ndi ku kanema, homuweki n'kuiwalika, pomwe mayeso omaliza pulayimale a PSLCE atsala ndi chaka chimodzi, ndipo wayesa kuwalangiza ndi kuwalanga koma palibe chasintha.

Aphunzitsi, mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ana anuwo amaudziwa bwino, choncho vuto silili pa kusowa malangizo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Walter Mischel wa pa yunivesite ya Stanford ku America ankaika switi patsogolo pa mwana wa zaka 4 kapena 5, n'kumuuza kuti akapirira osadya kwa mphindi pafupifupi 15 alandira awiri. Ana amene anadikira nthawi yaitali anadzapezeka kuti atakula ankakhoza bwino mayeso, ndipo anthu ambiri anafulumira kunena kuti kudekha n'chibadwa. Komatu ana opirirawo sankayang'anitsitsa switiyo atakukuta mano. Ankaphimba maso, kutembenukira kukhoma, kapena kudziimbira nyimbo kuti aiwale zimene zili patebulo. Limenelo ndi luso, ndipo luso limaphunzitsika.

Chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri kwa mphunzitsi chinatuluka mu 2013 kuchokera kwa Celeste Kidd ndi anzake a pa yunivesite ya Rochester. Iwo asanatulutse switi ankalonjeza ana kuti awabweretsera zojambulira zatsopano, ndipo kwa ena ankabweretsadi, koma kwa ena ankabwerera chimanjamanja n'kupepesa. Ana amene lonjezo lawo linakwaniritsidwa anadikira mphindi pafupifupi 12, pamene okhumudwitsidwa aja anadikira mphindi 3 zokha. Mu 2018, Tyler Watts ndi anzake atafufuza ana oposa 900 anapezanso kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwa makhozedwe a mayeso pakati pa ana odikira ndi osadikira imachokera ku mmene zinthu zilili m'banja la mwanayo. Mwana amene analonjezedwa nsapato mpaka phazi linakula asanaione, akamatenga chimene chili pafupi sikuti ndi wopanda mwambo, koma waphunzira kuti mawa la akuluakulu silifika.

N'chifukwa chake phunziro loyamba lili m'manja mwanu. Mukatolera makope Lolemba n'kunena kuti muwabweza Lachisanu, abwere Lachisanu lomwelo atachongedwa. Ndikudziwa kuti m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo zimenezi n'zolemetsa, ndiye ndi bwino kupereka masamu atatu amene mudzawachongadi kusiyana ndi 20 amene adzagonera m'kabati. Mwana amene walemba usiku ndi tochi, m'mawa n'kuona kuti palibe amene wayang'ana kope lake, sadzabwerezanso.

Musayembekezerenso kuti mayeso a chaka chamawa awagwira mtima, chifukwa mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kulingalira za m'tsogolo, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atadutsa zaka 20. Mphoto iyenera kukhala pafupi, monga kuwerenga mayina a omaliza ntchito yawo kumapeto kwa sabata. Khama limeneli silipita pachabe, popeza mu 2005 Angela Duckworth ndi Martin Seligman anapeza kuti pakati pa ana a giredi 8 ku America, kudziletsa kunkaloseratu malikisi a kumapeto kwa chaka kuposa mayeso oyeza nzeru.

Mpira musawaletse, koma auike pambuyo pa ntchito. Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti munthu amachitadi chinthu akakonzeratu nthawi ndi malo ochitira, osangonena kuti ayesetsa. Choncho mwana aliyense alembe patsamba loyamba la kope lake chiganizo chake, monga chakuti, "Ndikangomaliza kudya nsima masana, ndilemba masamu atatu pakhonde ndisanapite kubwalo." Ngati pakhomo pali foni imene imamukopa, ikhale m'chipinda china mpaka atamaliza. Chikwapu sichingachite zimenezi, chifukwa chimagwira ntchito pokhapokha inu mulipo, pomwe homuweki imalembedwa inu kulibe.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu, apempheni makolo kuti asalonjeze njinga ngati sangathe kuigula, koma alonjeze kope latsopano kapena cholembera, ndipo achipereke pa tsiku limene ananena.